Mbiri ya Diclofenac: Mankhwala a Msana Amene Anatha Miimba ya ku India

Munthu wa nchito ya pansi pa mgodi akatuluka m'cikepe mbanda kuca, atacezera usiku wonse kulaisha miyala ndi fosholo, coyamba kulankhula m'thupi mwace ndi msana. Mai wa pa msika amene wasenza thumba la makala kucokera ku siteshoni nayenso adziwa kudandaula kwa khosi ndi maondo. Ambiri mwa anthu otere, ku Kitwe, ku Mufulira, ku Chingola ndi ku Lusaka komwe, adziwa dzina la mankhwala amene amatontholetsa msana ndi maondo msanga. Dzina lace ndi diclofenac. Ena awadziwa ndi dzina la malonda la Voltaren, ena angoti mapiritsi a msana.

Mankhwalawa sali a mtundu wa morphine ndi codeine, amene amacokera ku comera ca opium nagwira munthu ukapolo. Diclofenac saledzeretsa, ndipo womwa sakhala ndi cibaba monga acitira womwa morphine. Cifukwa ca ici ambiri amayesa kuti ndi mankhwala opanda coopsa ciri conse. Komabe m'maiko ambiri mapiritsi ndi jekeseni za diclofenac siziperekedwa popanda kalata ya dotolo. Lamulo limeneli silinabadwe m'mutu mwa kalaliki wa mu ofesi ai. Linadza pang'ono-pang'ono pa zaka zambiri, ndipo linagulidwa ndi matenda ndi maliro. Mbiri yace iyambira pa mtengo wa m'mbali mwa mtsinje ku England.

KHUNGWA LA MSONDODZI

M'caka ca 1763 mbusa wina wa chalichi, dzina lace Edward Stone, wa ku Chipping Norton m'dziko la England, analembera kalata bungwe la anthu ophunzira lochedwa Royal Society ku London. M'kalatamo anafotokoza kuti anayanika khungwa la mtengo wa msondodzi, nalisinja, napatsa ufa wace anthu ngati 50 odwala malungo, ndipo ambiri a iwo anapeza bwino. Patapita zaka, akatswiri osanganiza mankhwala anapatula cinthu ceni-ceni cogwira nchito m'khungwamo, naphunziranso kucipanga m'fakitale popanda mtengo. Cinali kucepetsa ululu ndi kutentha kwa thupi, koma cinali cowawa m'kamwa ndi caukali m'mimba, kotero kuti odwala ambiri anali kucikana.

Mu 1897 Felix Hoffmann, wa nchito pa kampani ya Bayer ku Germany, anacikonza cinthuco kuti cimweke bwino, ndipo mu 1899 cinalowa pa malonda ndi dzina la Aspirin. Kwa zaka pafupi-fupi 40 anthu anamwa aspirin ndi mtima wokhazikika. Koma mu 1938 madotolo awiri a pa cipatala ca Guy's ku London, Douthwaite ndi Lintott, analowetsa cipangizo ca nyali ndi magalasi m'mimba mwa odwala amene anali atangomwa aspirin. Anaona ndi maso ao kuti pamene panagwera zibenthu za piritsi panali pofiira, ndipo pena panali kukha magazi. Ili linali phunziro loyamba: mankhwala otontholetsa ululu wa m'maondo angathe kucita cironda m'mimba.

UFA WA ANTHU A NCHITO

Phunziro laciwiri linacokera kwa anthu a nchito za manja. Ku Sweden kuli tauni yaing'ono yochedwa Huskvarna, kumene kunali fakitale yaikulu yopanga mfuti, makina osokera ndi njinga. Pa mliri wa cimfine cacikulu wa 1918 ndi 1919, dotolo wa m'taunimo, Dr. Hjorton, anali kulembera odwala ufa wosanganiza mankhwala atatu: phenacetin, phenazone ndi caffeine, cinthu cija ca m'khofi cimene cimacotsa tulo. Mliri unatha, koma ufa sunathe. Anthu a m'fakitale anapeza kuti akamwa ufawo mapewa ndi mikono sizinali kuwawa, ndipo anakhulupirira kuti uwapatsa mphamvu ya kutha nchito yambiri pa tsiku. Popeza unali kugulidwa popanda kalata ya dotolo, unasanduka ngati fodya. Munthu anali kupatsako mnzace pa nthawi yopuma, ndipo ena anali kumwa timapepala tambiri tsiku liri lonse kwa zaka ndi zaka.

Dotolo wa pa fakitaleyo, Dr. Grimlund, anadabwa poona kuti amuna a ku Huskvarna anali kufa ndi matenda a impso koposa a m'matauni ena ofanana nayo. Atafufuza anapeza kuti ambiri a akufawo anali akumwa ufa uja, ndipo anafalitsa zimene anapezazo mu 1963. Madotolo awiri a ku Switzerland, Spühler ndi Zollinger, anali atalemba kale mu 1953 za impso zoonongeka mwa njira yomweyo, ndipo m'dziko limenelo bvutoli linakula pakati pa anthu a m'mafakitale a mawochi. Mu 1961 Boma la Sweden linalamula kuti phenacetin asagulitsidwe popanda kalata ya dotolo, ndipo America anamcotsa pa malonda mu 1983.

Phenacetin sanali mbale weni-weni wa diclofenac, koma nkhani ya ku Huskvarna inasiya cenjezo lokhudza mankhwala onse a ululu. Ufawo sunali kugwetsa munthu tsiku limene waumwa. Impso zimaonongeka mwakacetecete, ndipo kawiri-kawiri mwini wace amazindikira pamene zatsala pang'ono kuleka nchito. Akulu anati cakudza siciimba ng'oma.

KU BASEL

Diclofenac anabadwira ku Basel, mzinda wa ku Switzerland umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Rhine. Kumeneko kunali kampani ya Geigy, imene inachuka ndi utoto wa nsalu isanachuke ndi mankhwala. Mu 1949 kampaniyi inatulutsa phenylbutazone, amene kuyambira 1952 anagulitsidwa ndi dzina la Butazolidin. Kwa odwala nyamakazi, amene mfundo za zala ndi maondo zimatupa ndi kuuma, mankhwalawa anali thandizo lalikulu ndithu. Koma sipanapite nthawi madotolo anaona kuti mwa odwala ena anali kuononga mafuta a m'kati mwa mafupa, m'mene magazi amapangidwa, ndipo ena anafa nazo. Coipa cina cinali cakuti mankhwalawo amakhalitsa m'thupi: pafunika masiku awiri kapena atatu kuti theka lace lituluke. Mu 1984 Britain analamula kuti aziperekedwa m'zipatala mokha, pa nthenda imodzi yokha youmitsa msana. Lero phenylbutazone adziwika kwambiri ngati mankhwala a akavalo.

Akatswiri awiri a kampani yomweyo, Alfred Sallmann ndi Rudolf Pfister, anafuna kupanga mankhwala amphamvu monga amenewo koma osabvuta thupi cotero. Anayerekeza kapangidwe ka phenylbutazone ndi ka mankhwala ena awiri a ululu, indomethacin ndi mefenamic acid, naona pamene onse atatu anali kufanana, ndipo pa maziko amenewo anamanga mankhwala atsopano. Kampani inalembetsa umwini wace mu 1965. Mu 1970 Geigy anaphatikizana ndi kampani ina ya ku Basel, Ciba, ndipo pofika 1974 diclofenac anali pa malonda ndi dzina la Voltaren. Ku America analoledwa mu 1988.

Mankhwala atsopanowa anakondedwa msanga. Piritsi laling'ono linali kukwanira, theka lace linali kutuluka m'magazi pa ola limodzi kapena awiri, ndipo ngozi ya m'mafupa ija inali yosowa kwambiri. Nthawi ya umwini itatha, makampani ambiri, maka-maka a ku India, anayamba kuwapanga pa mtengo wotsika, nafika m'zipatala ndi m'masitolo a mankhwala a mu Africa monse. Mu 2013 ofufuza awiri, Patricia McGettigan ndi David Henry, anawerenga mindandanda ya mankhwala ofunika ya maiko 100, napeza diclofenac m'mindandanda 74. M'maiko 15 amene anapenda malonda ace, iye ndiye anali kugulidwa koposa mankhwala ena onse a mtundu wace.

AMITHENGA NDI ALONDA

Kwa zaka zoposa 70 madotolo anapereka aspirin osadziwa m'mene amagwirira nchito. Amene anamasula mfundo imeneyi ndi John Vane, wa pa Royal College of Surgeons ku London, mu 1971. Iye anaonetsa kuti aspirin ndi abale ace amaletsa thupi kupanga tinthu tochedwa prostaglandin. Pa nchito imeneyi analandira mphoto ya Nobel mu 1982, pamodzi ndi anzace awiri a ku Sweden, Sune Bergström ndi Bengt Samuelsson.

Munthu akabinya bondo kapena akabvulala msana, minofu ya pamalopo imapanga prostaglandin wambiri. Ameneyu ali ngati mthenga: amatupitsa malowo, amawatenthetsa, nadzutsa mitsempha kuti imve kuwawa, kuti mwini thupi aleke kulemetsa ciwalo cobvulalaco. Diclofenac amatseka pakamwa pa mthengayu. Kutupa kumaphwa, ululu umacepa, koma cobvulala cija ciri pomwepo, pakuti mankhwala sanacilumikize.

Tsono a banja la prostaglandin sali amithenga okha. Ena ndi alonda. M'mimba amacititsa kuti khoma likutidwe ndi zoterera zolichinjiriza ku madzi aukali ogaya cakudya. Mu impso amatsegula njira za magazi, maka-maka pamene thupi lasowa madzi. M'mitsempha amathandiza kuti magazi asaundane pamene sayenera kuundana. Piritsi silidziwa kusankha pakati pa mthenga ndi mlonda. Limagoneka onse pamodzi. Mphamvu imene imatontholetsa bondo ndiyo yomwe imasiya mimba, impso ndi mtima popanda wolonda.

MIIMBA YA KU INDIA

Umboni woopsa wa zimene mankhwalawa angacite ku impso unacokera kumene palibe munthu anayembekeza. M'dziko la India munali miimba mamiliyoni ambiri, mbalame zija zodya mitembo zimene Abemba amazicha amakubi. Ahindu ambiri sadya nyama ya ng'ombe, motero ng'ombe ikafa, osenda zikopa anali kutenga cikopa ndi kusiya mtembo pa bwalo, ndipo miimba inali kuumaliza pa kanthawi kocepa, nisiya mafupa okha. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 diclofenac wochipa anayamba kuperekedwa kwa ng'ombe ndi njati zoweta zikadwala.

Posacedwa Vibhu Prakash, wa bungwe la Bombay Natural History Society, anaona kuti miimba ya ku malo osungira zinyama a Keoladeo, m'cigawo ca Rajasthan, iri kutha. Mbalame inali kukhala pa nthambi itazyolika khosi, kenaka nigwa pansi yakufa. Pakati pa 1992 ndi 2007 mtundu umodzi wa miimba, wa msana woyera, unacepa kotero kuti pa mbalame 1,000 ziri zonse panatsala imodzi yokha. Pa mitundu ina iwiri panatsala mbalame 3 pa 100.

Poyamba ofufuza anaganiza kuti ndi mliri wa kacirombo. Koma dotolo wa zinyama wa ku America, Lindsay Oaks, pogwira nchito ndi bungwe la Peregrine Fund m'cigawo ca Punjab ku Pakistan, dziko loyandikana ndi India, anapenda miimba yakufa napeza ziwalo za m'kati zitakutidwa ndi zoyera ngati coko, cizindikiro ca impso zoleka nchito. M'mbalame zotero munapezeka diclofenac. Zimene anapezazo zinafalitsidwa mu 2004. Muimba ukadya nyama ya ng'ombe imene inabayidwa jekeseni masiku ocepa isanafe, unali kufa pa masiku owerengeka. Ndipo popeza miimba imadya m'magulu akulu, ofufuza anawerengera kuti mtembo umodzi wa ciphe pa mitembo 130 kufikira 760 unali wokwanira kutha mbalamezo monga zinathera.

Miimba itatha, mitembo inayamba kuolera pa mtunda ndi m'mitsinje. Agalu osowa mwini, amene amafalitsa ciwewe, anaculuka. Aparsi a ku Mumbai, amene mwambo wao ndi kuika akufa pa nsanja kuti miimba iwadye, anasowa mbalame zosungira mwambowo. Mu 2024 akatswiri awiri a za cuma, Eyal Frank ndi Anant Sudarshan, anawerengera kuti kutha kwa miimba kunaonjezera imfa za anthu pafupi-fupi 500,000 m'India pakati pa 2000 ndi 2005, kamba ka madzi oipa ndi matenda.

India, Pakistan ndi Nepal analetsa diclofenac wa ziweto mu 2006, ndipo Bangladesh anatsatira mu 2010. Poona kuti oweta ena anali kugula mabotolo akulu a jekeseni wa anthu ndi kubaya ng'ombe, India analamula mu 2015 kuti kabotolo ka anthu kasapose mamililita 3. Nkhaniyi ikhudzanso Africa. Ofufuza a pa University of Pretoria ku South Africa anayesa mankhwalawa pa miimba ya msana woyera ya mu Africa, mtundu womwe uja umene umauluka pa Luangwa ndi pa Kafue, ndipo nayonso inafa. Iwo omwewo, pamodzi ndi anzao a maiko ena, anaonetsa mu 2006 kuti mankhwala ena ochedwa meloxicam amathandiza ng'ombe osapha miimba. Munthu si muimba, ndipo thupi lace limatulutsa diclofenac mosabvuta. Koma ciwalo cimene cinagonja m'mbalame ndico comwe cimayamba kubvutika mwa munthu wosowa madzi m'thupi.

MTIMA

Phunziro lotsiriza linali la mtima. Ca m'ma 1991 ofufuza anapeza kuti cinthu ca m'thupi copanga prostaglandin ciri ca mitundu iwiri: wina wocita kwambiri za kutupa, wina wosunga mimba. Makampani anathamangira kupanga mankhwala otseka mtundu wa kutupa wokha, kuti mimba ipulumuke. Amodzi a mankhwala otero, Vioxx, a kampani ya Merck, analowa pa malonda mu 1999, namwedwa ndi anthu mamiliyoni. Pa 30 September 2004 kampaniyo inawacotsa pa malonda pa dziko lonse, zitaoneka kuti anali kuonjezera matenda a mtima ndi sitiroko. David Graham, dotolo wa m'bungwe la Boma la America loyang'anira mankhwala, anawerengera kuti m'America mokha anthu pakati pa 88,000 ndi 140,000 anadwala mtima kwambiri cifukwa ca mankhwalawo.

Pamenepo maso anatembenukira kwa mankhwala akale, ndipo kunaoneka kuti diclofenac, ngakhale anapangidwa zaka zambiri m'mbuyomo, kagwiridwe kace ka nchito kayandikana ndi ka mankhwala atsopano aja. Mu 2013 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi a ku Oxford linasonkhanitsa zotuluka m'mayeso mazana ambiri okhudza odwala oposa 350,000. Linapeza kuti pa anthu 1,000 omwa mamiligiramu 150 a diclofenac tsiku liri lonse kwa caka cathunthu, atatu oonjezera amagwidwa ndi nthenda yaikulu ya mtima kapena sitiroko, ndipo mmodzi wa atatuwo amafa. Atatu pa 1,000 aoneka ocepa, koma omwa ali mamiliyoni, ndipo pakati pa amene mtima wao ndi wodwala kale ciwerengeroco cimakwera.

Caka comweco bungwe loyang'anira mankhwala ku Ulaya linalamula kuti diclofenac asaperekedwe kwa odwala mtima, kwa amene anagwapo sitiroko, ndi kwa amene mitsempha ya magazi ya m'miyendo mwao inatsekeka. Ku Britain, kumene mapiritsi ang'ono-ang'ono anali kugulidwa m'sitolo ya mankhwala popanda kalata, Boma linabweza cilolezo cimeneco mu January 2015. Kuyambira pamenepo mapiritsi a diclofenac m'dziko limenelo ndi a kalata ya dotolo basi.

MALAMULO A LERO

Zonsezi sizinacotse diclofenac m'zipatala, pakuti nchito yace ndi yeni-yeni. Madotolo amampereka pa nyamakazi, pa gauti, pa msana ndi mfundo zobinya, pa ululu wa pambuyo pa opareshoni kapena kuzula dzino, pa kupweteka kwa akazi pa nthawi ya kumwezi, ndi pa ululu woopsa wa timiyala ta mu impso. Cimene cinasintha ndi kaperekedwe kace: muyeso wocepa umene ungathandize, kwa masiku ocepa amene angakwanire. Munthu wamkulu sapitirira mamiligiramu 150 pa tsiku, ogawidwa kawiri kapena katatu, ndipo ambiri amathandizidwa ndi ocepera pamenepo. Piritsi limamwedwa ndi cakudya kapena munthu atangodya, lathunthu, losatafuna. Jekeseni wa mamiligiramu 75 ndi wa masiku awiri okha, ndipo womubaya akhale wodziwa nchitoyo, pakuti wobaya molakwa angathe kulasa mtsempha wa mwendo kapena kuoletsa mnofu. Jekeseni sapulumutsa mimba monga ena amaganizira, cifukwa mankhwala amafika kwa alonda aja kudzera m'magazi. Mafuta opaka pa bondo kapena pa phewa ndiwo ocepa ngozi, popeza olowa m'magazi ndi pang'ono cabe.

Osayenera kumwa konse ndi awa: amene ali ndi zironda za m'mimba kapena anasanzapo magazi, odwala mtima ndi amene anagwapo sitiroko, odwala kwambiri impso kapena ciwindi, amene aspirin kapena ibuprofen amawayambitsa mphumu kapena zidzolo, ndi mai wa pakati m'miyezi itatu yotsiriza, pakuti mankhwalawa angatseke msanga mtsempha wina wa pa mtima wa mwana. Mu 2020 bungwe la ku America lija linacenjezanso kuti kuyambira pa masabata 20 a pakati mankhwala a mtundu uwu angacepetse madzi amene mwana amakhalamo. Okalamba, osuta fodya, odwala shuga ndi a kuthamanga kwa magazi ayenera kupimidwa bwino asanapatsidwe, ndipo ena dotolo amawaonjezera omeprazole wochinjiriza mimba.

Wodwala wanzeru amauza dotolo mankhwala onse amene alikumwa. Diclofenac samwedwa pamodzi ndi ibuprofen, indomethacin, naproxen kapena aspirin wa ululu, pakuti onsewa ndi banja limodzi, ndipo kuwaphatikiza kumaculukitsa ngozi koposa mpumulo. Pamodzi ndi warfarin, prednisolone kapena mowa wambiri, amaonjezera kukha magazi m'mimba. Pamodzi ndi mapiritsi okodzetsa ndi a kuthamanga kwa magazi monga enalapril, amalemetsa impso. Cimodzimodzi ndi tenofovir, amene ali m'mapiritsi a ma ARV omwedwa ndi anthu ambiri m'Zambia tsiku ndi tsiku.

Kwa anthu a pansi pa mgodi pali cenjezo lapadera. Ku Mufulira ndi ku Nkana nchito yafika mamita oposa 1,000 pansi pa nthaka, kumene thanthwe limatentha ndipo thukuta limatuluka ngati madzi. Thupi likauma cotero, impso zimadalira alonda aja kuti magazi azifikabe. Womwa diclofenac asanalowe shifiti yotentha, kapena pamene alikutsegula m'mimba ndi kusanza, amagoneka mlonda pa usiku umene mbala ziri pakhomo. Ndiponso msana wotontholetsedwa ndi piritsi sucenjeza mwini wace ponyamula zolemera, ndipo cobvulala cacing'ono cingakule. Wotentha thupi nayenso asanyengedwe: mankhwalawa amaziziritsa thupi koma sapha tizirombo ta malungo, motero coyamba ndi kupimitsa magazi.

Zizindikiro zofuna kuti munthu aleke mankhwala ndi kuthamangira ku cipatala tsiku lomwelo ndi izi: cimbudzi cakuda bii ngati tala wa pa mseu, kusanza magazi kapena zakuda ngati khofi, kupweteka pa cifuwa, kubanika, kufooka kwa mbali imodzi ya thupi kapena kulemera kwa lilime, kutupa kwa miyendo, kucepa kwa mkodzo, maso acikasu, ndi matuza pa khungu kapena m'kamwa.

M'Zambia nchito yolembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa owagulitsa iri m'manja mwa Zambia Medicines Regulatory Authority, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2013. Piritsi logulidwa pa kantemba kapena m'basi, lopanda bokosi lace, silinena muyeso wace kapena tsiku lothera mphamvu, ndipo wogulitsa safunsa za mtima kapena za impso za wogula.

Kucokera pa khungwa la Edward Stone kufika pa lamulo la ku Britain la 2015 panapita zaka 252. Pa zaka zonsezo mimba inaphunzitsa madotolo ku London, impso zinawaphunzitsa ku Huskvarna ndi ku Punjab, mtima unawaphunzitsa ku America ndi ku Oxford. Mafunso amene dotolo kapena namwino amafunsa asanalembe kalata, za zironda, za mtima, za pakati ndi za mankhwala ena, ndiwo maphunziro amenewo atafupikitsidwa, ndipo satenga nthawi yaitali kuyankha. Amuna a ku Huskvarna amene anali kupatsana ufa pa nthawi yopuma anali kucitirana cifundo, koma panalibe wowafunsa mafunso otero. Munthu amene lero atulutsa piritsi la diclofenac m'thumba mwace napatsa mnzace wa m'shifiti nayenso acita cifundo, koma sadziwa za m'mimba, za mtima kapena za impso za mnzaceyo. Cifundo coposa ndico kumperekeza ku cipatala ca pa mgodi, kumene msana wace ukapimidwa ndipo mafunso aja akafunsidwa.